Woloŵeza ndi Wopeka Pomwepo: Malikisi Tipatse Yani?

M'makoleji mwathu timatha nthaŵi yambiri tikuphunzira kachongedwe ka ntchito yolembedwa. Timauzidwa mogaŵira malikisi pa chimangirizo, pa kalata ndi pa lembetso. Timadziŵa kuti mfundo zitenga angati, kalembedwe ka mawu katenga angati. Koma ntchito ya pakamwa timangoilambalala, ngati kuti kuweruza woyankhula ndi luso limene munthu amabadwa nalo. Chikhalirecho mphunzitsi watsopano satha teremu imodzi pasukulu asanakhazikidwe pampando woweruza mtsutso kapena mpikisano wolakatula ndakatulo. Aphunzitsi aakulu amakonda kupereka ntchito imeneyi kwa wobwera kumene, poti sanayambe kukondera kalasi iliyonse. Apo mpamene amakumana ndi funso limene sanalikonzekere. Mwana wina wayankhula mosadodoma mawu okoma amene anachita kuloŵeza; wina wayankhula mopunthwapunthwa, koma za m'mutu mwake, poyankha zimene mnzake wangonena kumene. Wapambana ndani?

Kunja kuno kuli anthu amene akhala akukangana pa funso lomweli kwa zaka zoposa 40, ndipo si aphunzitsi ayi. Ndi anthu a mpikisano wotchedwa battle rap, umene unakulira pakati pa achinyamata akuda a mumzinda wa New York ku America. Pa mpikisano umenewu anthu aŵiri amaima maso ndi maso pakati pa khamu, nalandizana mpata woyankhula m'mizere yomveka ngati ndakatulo, aliyense akudzitama ndi kuchepsa mnzake mwaluso kufikira mmodzi ataoneka kuti wagonja. Tikudziŵa kuti ena mwa oŵerenga achita tsinya pomva dzina limeneli, ndipo sitiwadzudzula, pakuti zambiri zonenedwa m'mipikisano imeneyi nzotukwana, zosayenera kuloŵa pakhomo la kalasi. Sitikupempha munthu kuti akaziphunzitse. Chimene tikufuna kwa anthu ameneŵa ndi nzeru zimene atola m'zaka zonsezi pa kaweruzidwe ka mawu a pakamwa, popeza iwo amaweruza pamene pali ndalama, mbiri ya munthu ndi khamu losachedwa kupsa mtima, ndipo cholakwa chilichonse cha woweruza chimaonekera poyera.

Mbiri yake ambiri amaiyambira mu Disembala 1981, pamalo achisangalalo otchedwa Harlem World mumzinda womwewo. Kumeneko kunali katswiri wina, Busy Bee, wodziŵa kusangalatsa anthu: ankawaponyera mafunso oti ayankhe mofuula, anthu nkumaseka, nkumavina, ndipo mipikisano ankaitenga motero. Usiku wina Kool Moe Dee, wa gulu la Treacherous Three, anakwera pansanja pambuyo pake nachita chimene anthu sanachizoloŵere. Anamtchula Busy Bee dzina, nayamba kuvundukula kaimbidwe kake, kusonyeza kuti nkobwerezabwereza ndi kopanda mfundo. Tepi ya usiku umenewo inayenda m'manja mwa anthu zaka zambiri. Kuyambira pamenepo funso loti wapambana ndani linagaŵika paŵiri, pakuti wina akhoza kukondweretsa khamu koposa, pamene wina ndiye wanena zolasa mnzake pamtima. Mphunzitsi amene anaonapo mwana wanthabwala akuseketsa holo yonse mpaka nthiti kuŵaŵa, nkukhala pansi asanatchule mfundo ndi imodzi yomwe, akudziŵa kale kusiyana kumeneku.

M'zaka za m'ma 1990 ulemu waukulu unapita kwa munthu wotha kupeka mizere nthaŵi yomweyo, ng'oma zikugunda, osakonzekera. Luso limeneli amalitcha freestyle, ngakhale kuti Kool Moe Dee mwini wake ndi Big Daddy Kane anafotokozapo kuti kale dzinali linkatanthauza mizere yolembedwa ndithu, koma yosamangika pa mutu umodzi. Ku Cincinnati kunali chikondwerero chotchedwa Scribble Jam, chimene chinayamba mu 1996 nkumachitika chaka ndi chaka kufikira 2008, ndipo kumeneko opikisana ankayenera kupeka pomwepo pansanja. Nkomweko kumene mu 1997 Eminem, asanatchuke, anagonja kwa Juice wa ku Chicago pa mpikisano wotsiriza, atabwereza kangapo chifukwa kunali kovuta kuwasiyanitsa.

Koma mpikisano wa mtundu umenewu unali ndi nthenda yosachira msanga. Woweruza saona m'mutu mwa munthu. Ochenjera ankabwera ndi mizere yosunga kale, yoti ikhoza kulasa aliyense, kaya wonenepa, kaya wamfupi, kaya wovala zosalongosoka, naitulutsa ngati yangowafikira kumene. Khamu nkuomba m'manja poganiza kuti laona chozizwitsa, chikhalirecho laona nkhokwe ikupasulidwa. Woona mtima, wopekadi pomwepo, ankadzaza mipata ndi mawu opanda pake podikira ganizo, namveka wofooka pafupi ndi wonyenga uja. Chotero lamulo loti zonse zikhale zopeka pomwepo linkalanga okhulupirika ndi kudalitsa akathyali, chifukwa panalibe njira yolitsimikizira. Ife timaika malamulo otere kaŵirikaŵiri. Timalengeza kuti ndakatulo za mpikisano zikhale zopeka ana okha, tikudziŵa bwino lomwe kuti zina zalembedwa ndi akulu awo kunyumba, kapena ndi mphunzitsi mnzathu wofunitsitsa kuti kalasi yake itenge mphotho.

Olankhula Chingerezi anathetsa vutoli mwa kuvomera poyera chimene chinkachitika mobisa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 makanema a Smack DVD anayamba kusonyeza anyamata a ku New York akulimbana m'misewu popanda ng'oma, ndi mawu olembedwa kale. Kenaka panabadwa mabungwe oyendetsa mipikisano yotere: Grind Time ku America, King of the Dot ku Toronto ndi Don't Flop ku Britain mu 2008, ndiponso URL mu 2009. Mu 2010 FlipTop inatengera njira yomweyi ku Philippines, kumene amalimbana makamaka m'chiyankhulo cha Tagalog. M'mabungwe ameneŵa munthu amamdziŵa mdani wake kukali milungu kapena miyezi. Amafufuza mbiri yake, kulemba, kufufuta, kuloŵeza, ndipo tsiku likafika aŵiriwo amalandizana ndime zitatu aliyense. Luso linakwera kwambiri. Mzere umodzi unayamba kusenza matanthauzo aŵiri kapena atatu. Mfundo yodzalidwa m'ndime yoyamba nkudzakololedwa m'ndime yachitatu, zinthu zimene munthu sangazichite m'kuphethira kwa diso. Ndipo popeza tsopano oonera ambiri anali a pa intaneti, otha kubweza kanema ndi kumvanso mzere uliwonse, mawu ongodzazira mpata analibenso pobisala.

Tinene mongodutsa kuti ngakhale kanema wa 8 Mile wa mu 2002, amene anadziŵitsa maiko ambiri za mipikisano yopeka pomwepo, mawu ake a pa mpikisano wotsiriza anachita kukonzedweratu, monga zimakhalira m'kanema. M'nkhaniyo mnyamata wa ku Detroit amapambana mwa kuyamba yekha kutchula zofooka zake zonse, mdani wake nkusoŵa chonena. Akuluakulu anati ukaipa dziŵa nyimbo. Koma taonani chimene chinamsoŵetsa chonena mdaniyo: anadalira mivi imene anaisongoleratu, ndipo itachotsedwa m'phodo analibe wina woponya.

Apo ndiye pagona kuipa kwa njira yolembayi. Woloŵeza amaoloka pa ulalo wa mtengo umodzi. Akaiŵala mzere umodzi, yotsatira yonse imathaŵa nawo pamodzi, ndipo amangoima kukamwa kuli yasa, khamu likumuyang'ana. Kusoŵa mawu kotere amakutcha choke, ndipo kwa oweruza ambiri ndime imene munthu wachita zimenezi yapita basi, ngakhale mizere yake yoyamba inali yabwino chotani. Chitsanzo chosaiŵalika ndi cha mu 2012 ku Los Angeles, pa mpikisano wa King of the Dot, pamene Canibus, woimba wolemekezeka chifukwa cha ukatswiri wa zolemba zake, anakumana ndi Dizaster. Pofika m'ndime yachitatu Canibus anatulutsa kope nayamba kuŵerenga. Ndi ochepa amene amakumbukira zimene zinalembedwa m'kopemo, kaya zinali zanzeru chotani. Chimene chinatsala m'mitima mwa anthu ndi kopelo.

Olankhula Chisipanishi anatsata njira ina. Iwo anakana kusiya kupeka pomwepo, nasankha kumanga mpanda woti wonyenga asaudumphe. Mpikisano wa Red Bull Batalla unayamba mu 2005, ndipo mu 2017 ku Spain kunayamba ligi ya Freestyle Master Series, imene pambuyo pake inafalikira ku Argentina, Chile, Mexico ndi Peru. M'zaka zake zoyamba ligi imeneyi inkayesa munthu motere. Pa chinsalu pankatuluka liwu latsopano masekondi 10 aliwonse, pena masekondi 5 aliwonse, ndipo woyankhula ankayenera kuliloŵetsa m'mizere yake lisanachoke. Ndime zina ankapatsidwa mutu pomwepo. Zina aŵiriwo ankauzidwa kuti akhale zinthu kapena anthu aŵiri otsutsana, aliyense ateteze mbali yake. Oweruza sankadikira mapeto kuti afunse mtima wawo. Aliyense ankalemba malikisi, kuyambira 0 kufikira 4, pa kagulu kalikonse ka mizere inayi, naonjezera ena pa kayendedwe ka mawu pamwamba pa ng'oma ndi pa kaimidwe ka munthu pansanja. Malikisi akayandikana kwambiri woweruza sankakakamizidwa kusankha. Ankapempha kuti aŵiriwo alimbanenso ndime ina yaifupi, imene amaitcha réplica.

Kodi maluso aŵiriŵa ngosiyanadi, kapena ndi luso limodzi longosintha malaya? Mu 2012 ofufuza a ku National Institutes of Health ku America, pakati pawo Siyuan Liu ndi Allen Braun, anaika akatswiri a rap 12 m'makina ounika ubongo, nawauza kuti pena anene mizere yoloŵeza, pena apeke yawo pomwepo. Anapeza kuti popeka, mbali ina ya ubongo wakutsogolo, imene imakhudzana ndi zochita zochokera mwa munthu mwini, inkagwira ntchito kwambiri, pamene mbali yolondera ndi kuongolera zimene munthu akuchita inkachepetsa ntchito. Anthu 12 ngochepa, ndipo sitimangapo nyumba yaikulu. Koma zimene anapezazo zikugwirizana ndi zimene timaona m'kalasi. Mwana wosamala kwambiri, woyesa liwu lililonse asanalitulutse, ndiye amalemba bwino, ndipo kaŵirikaŵiri ndi yemweyo amene amauma pakamwa akafunsidwa modzidzimutsa. Kumuika pamuyeso umodzi ndi mnzake wa lilime lakuthwa, osanena luso limene tikuyesa, ndiko kulakwira mmodzi wa aŵiriwo.

Tsono ife tiima pati? Sitigwirizana ndi amene amati kuloŵeza nkwachabe. Kuloŵeza kumadzaza mwana ndi mawu ndi kamangidwe ka ziganizo zimene adzagwiritsa ntchito moyo wake wonse, ndipo wopeka pomwepo aliyense amatapa m'nkhokwe imene anaidzaza kale. Liŵiro la lilime nalonso silitikopa kwenikweni, pakuti alipo anthu amene angayankhule ola lathunthu osanena kanthu. Chimene chatigwira mtima poyang'ana mipikisano ya mitundu iŵiriyi nchakuti pali chinthu chimodzi chimene oweruza ndi oonera a mbali zonse amachilemekeza mofanana, ndicho yankho. Ngakhale pa mpikisano wolembedwa, katswiri weniweni amayamba ndime yake ndi mizere ingapo yopeka pomwepo, yotola mawu amene mdani wangonena kumene nkuwatembenuza kuti alase mwini wake. Iwo amati rebuttal, ena amati flip. Mizere imeneyi siikhala yosalala ngati yolembedwa, koma khamu limadzuka chifukwa cha iyo, ndipo ndime imene inali yovuta kuisiyanitsa imagwera kwa woyankhayo. Chifukwa chake nchapafupi. Yankho silingaloŵezedwe dzulo, popeza dzulo mnzako anali asanayankhule; silingakhalenso phokoso chabe, popeza liyenera kugwira mawu enieni a mnzakoyo. Alipo ochenjera amene amalota zimene mdani adzanena nakonzeratu chobwezera, koma nawonso ayenera kutchera khutu kuti adziŵe nthaŵi yochiponya. Yankho ndiwo umboni wokhawo umene woweruza angaugwire ndi manja woti woyankhulayo amamvetsera.

Chotero maganizo athu ngakuti pa mpikisano uliwonse umene ana akutsutsana, gawo lalikulu la malikisi lipite ku yankho. Taonani mmene mitsutso yambiri imayendera m'sukulu zathu. Ana anayi mbali ino, anayi mbali iyo, aliyense ndi pepala limene waliloŵeza. Woyamba akamayankhula, otsutsa milomo imangogwedera, kubwereza zawo chamumtima kuti asaiŵale. Palibe amene akumva mnzake. Wachiŵiri akaimirira amayankha mwamphamvu mfundo imene sinanenedwe nkomwe, chifukwa mphunzitsi wake anaganiza kuti idzanenedwa, nasiya mfundo yofooka yoonekeratu imene mwana wa Sitandade 4 akadaigwetsa. Oweruza nkupereka malikisi pa chiyankhulo chosalala, pa mawu okweza ndi pa kaponyedwe ka manja, ana onsewo nkubwerera kwawo ataphunzira kuti mtsutso ndiko kulandizana nthaŵi yolakatula. Ana ameneŵa ndiwo adzakhale m'makomiti a sukulu, a chitukuko ndi a mipingo. Ndiwo adzaimirire abale awo pa mikangano ya minda. Kumeneko sadzapatsidwa pepala usiku wathunthu, ndipo nyimbo imodzi sachezera gule.

Kunena zoona, kwathu kuno sitinayenere kuchita kukumbutsidwa ndi a ku New York kuti kumva kumatsogola, kuyankha nkumatsatira. Pabwalo la milandu kumudzi, munthu wodziŵa kuyankhula amayamba wabwereza mwachidule zimene mnzake wanena, kuti bwalo lione kuti wamva, ndipo pamenepo mpamene amatula zake. Nkhoswe imene ingapite ku mlandu wa banja ndi mawu oloŵeza, osasamala zimene anena a mbali inayo, ibwerako ndi manyazi. Ngakhale maseŵera a zilape, pamene wina amati “Chilape!” anzake nkuvomera “Nachize!”, ali ndi mbali zonse ziŵiri, pakuti woponya amatapa m'zimene anasunga, pamene oyankha amaganiza pomwepo. Ndi sukulu imene inatenga mbali yosungayo yokha nkuiveka chisoti.

Nanga pakalasi tichite motani? Ana auzidwe tsiku lisanafike chimene chikuyesedwa, ndipo chilembedwe pabolodi. Ngati ndi mpikisano wolakatula ndakatulo yoloŵeza, utchedwe dzina lake lenileni. Mwana anene mosaopa amene analemba ndakatuloyo, ife tiyese katchulidwe, kapumidwe ndi kumvetsa zimene akulakatula. Ngati ndi mtsutso, ugaŵidwe paŵiri. Gawo loyamba likhale lokonzeratu, ana aloledwe kugwira kapepala ka mitu ya mfundo zawo, osati ziganizo zathunthu. M'gawo lachiŵiri aliyense, asananene zake, atchule mfundo imodzi ya wotsutsana naye monga momwe inanenedwera, mwini wake avomere kuti ndi momwemo, ndipo pamenepo aiyankhe. Kuvomera kwa mwini mfundoku kukuoneka kochepa, koma nkumene kumatseka njira ya mwana wopotoza mawu a mnzake kuti agwirizane ndi yankho limene anabwera nalo m'thumba. Pa malikisi 10, ife tikadapereka 4 pa yankho, 3 pa mfundo zokonzeratu, 2 pa chiyankhulo ndi 1 pa kaimidwe. Wina akhoza kugaŵa mosiyana pang'ono, malinga yankho lisatsike pansi pa zinazo.

Chinsalu chotulutsa mawu cha ku Spain chija tilibe, koma chitini ndi timapepala tili nazo. Mphunzitsi alembe mawu odziŵika, monga mjigo, njinga, msika, dzombe, maliro, natipinda timapepalato. Mwana ayambe kufotokoza nkhani. Masekondi 20 aliwonse mnzake atole kapepala naŵerenge mokweza, wofotokozayo aloŵetse liwulo m'nkhani yake osaidula. Mphindi zisanu kumapeto kwa phunziro la Chicheŵa nzokwanira. Poyamba pasakhale malikisi, pakuti mwana wosamala uja afunika kulaŵa kaye kuti kuyankhula liwu losapsa bwino sikupha munthu.

Mdani wamkulu wa woweruza ndi khamu. Mipikisano yambiri ya URL yakhala ikuchitika popanda oweruza nkomwe. Oonera amatsala akukangana okha pa intaneti ngati wakutiwakuti watenga ndime ziŵiri kapena zonse zitatu. Kwa amalonda nzabwino, popeza mkangano wosatha umakoka anthu, ndipo palibe katswiri amene mbiri yake imadetsedwa ndi chigamulo. Kusukulu sitingatero, chifukwa mwana ayenera kudziŵa pamene waima kuti akonze. Koma kusiyira chigamulo m'manja mwa oomba m'manja nkoipa koposa. Otsatira battle rap amadziŵa kuti wolimbana ali kwawo amaomberedwa m'manja ngakhale pa mzere wamba, ndi kuti mpikisano umene m'holo unaoneka wa uyu umaoneka wa uyo ukaonedwa pa kanema mwakachetechete. Holo ya pasukulu siisiyana. Kalasi ya ana ambiri imaposa phokoso kalasi ya ana ochepa. Mnyamata wotchuka pa mpira amaomberedwa asanatsekule pakamwa. Mtsikana wa mawu otsika akanena mfundo yolimba, a kumbuyo saimva, ndipo woweruza wosasamala amayesa kuti bata limenelo likutanthauza kufooka. Palinso mwayi wa woyankhula pomalizira, amene mawu ake amakhala akali kulira m'makutu pamene chigamulo chikupangidwa. Mankhwala ake ndi omwe aja a oweruza a ku Spain: malikisi alembedwe ndi inki woyankhula aliyense akangokhala pansi, wotsatira asanayambe. Oweruza akhale atatu, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma akhale motalikirana, asanong'onezane, kuti wamng'ono asangotsata nkhope ya wamkulu. Malikisi akayandikana, tisachite manyazi kuitanitsa ndime ina: funso limodzi latsopano, mphindi imodzi mbali iliyonse.

Pali zinthu zina zimene sitiyenera kutengera. M'Chingerezi, kupeza mawu omveka mofanana kumathero kwa mizere ndi ntchito, ndipo wofananitsa maphatikizo atatu kapena anayi motsatana amayenera ulemu umene amalandira. M'Chicheŵa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ochuluka amathera ndi a. Mwana akhoza kutsiriza mizere 20 ndi kulima, kukama, kuluma, kupuma, thukuta osatuluka. Ana okonda rap akabwera ndi ndakatulo zotere, tisatengeke ndi kulira kwake. Malikisi a chiyankhulo apite ku mwambi woikidwa pamalo pake, ku chining'a, ku mvekero wogwa bwino, ku chifanifani chimene mwana wachitola m'moyo wake.

Nkhanza za pa choke nazonso zitsale komweko. Katswiri wolipidwa, amene anali ndi miyezi yokonzekera, akhoza kutaya ndime yonse chifukwa cha kuiŵala. Mwana wa zaka 12 woimirira koyamba pamaso pa sukulu yonse sayenera kutero. Kuseka kuletsedwe, apatsidwe kamphindi kopuma, ndipo ife tiyang'ane chimene achite pambuyo pake, pakuti pamenepo mpamene pali nkhani. Akatswiri enieni akaphonya mzere amapeka ina pomwepo mpaka njira itapezekanso. Mwana amene wataya mawu oloŵeza koma nkufotokoza ganizo lomwelo m'mawu akeake watisonyeza kuti anamvetsa, ndipo ameneyo asachotseredwe kanthu pa mfundo. Amene akubwerera pamwamba katatu konse, kuyambanso ndi malonje omwe aja, watisonyeza kuti anasunga kamvekedwe kokha. Aŵiriŵa onse aiŵala, koma malikisi awo asafanane.

Tikumva kale chotsutsa chimene ena mwa inu muli nacho, ndipo ncholemera. Mitsutso yambiri imachitika m'Chingerezi, chiyankhulo chimene ana akali kuchiphunzira. Kuwauza kuti ayankhe pomwepo ndiko kupatsa mphotho mwana wa m'tauni amene amachimva kunyumba, ndi kuchititsa manyazi wa kumudzi amene nzeru ali nazo koma mawu akumpereŵera. Nzoona. Koma kubwerera ku mapepala oloŵeza sikumthandiza mwana wa kumudziyo. Kumangobisa vuto lake kufikira tsiku limene adzafunsidwa funso pofuna ntchito. Tiyambe kuzoloŵeza ana kuyankhana m'chiyankhulo chimene amaganizira. Pofika ku Chingerezi, gulu lipatsidwe mphindi ziŵiri zonong'onezana lisanayankhe, ndipo m'gawo la mayankho tisachotse malikisi pa kalakwitsidwe kalikonse ka galamala malinga ganizo lamveka. Tikachotsa, ana aona msanga kuti kuloŵeza nkotetezeka, nabwerera komweko.

Chotsalira ndi chipongwe. Chakumapeto kwa 2011 Mark Grist, amene anali mphunzitsi wa Chingerezi ku Peterborough ku England, anavala suti nakalimbana ndi Blizzard, mnyamata wa zaka 17 wa ku Manchester, pa mpikisano wa Don't Flop. Oweruza anapereka chipambano kwa mphunzitsiyo, ndipo kanema wake anaonedwa ndi anthu mamiliyoni. Nkosavuta kwa ife a ntchito ya choko kunyadira nkhani imeneyi, popeza ikusonyeza kuti kuŵerenga ndi kulemba kumanola lilime. Koma tikumbuke kuti mnyamatayo sanali wophunzira wake, kuti onse aŵiri analoŵa mwa kufuna kwawo akudziŵa malamulo a pamalopo, ndi kuti ena mwa mawu amene ananenedwa pamenepo sitingawabwereze pamaso pa makolo. Ana athu maŵa lake amakhala pa desiki imodzi. Ngakhale chipongwe cha pachisuweni chili ndi eni ake ndi malire ake. M'kalasi mulibe ubale wotero wochiteteza. Lamulo likhale lolembedwa: wotchula thupi la mnzake, makolo ake, umphaŵi wa kwawo, mtundu wake kapena chilema chake wataya ndime yonse, ngakhale holo itaseka chotani. Ndipo kwa ana amene magazi awo akufuna kulimbana kwenikweni, tibwereke nzeru ija yoimira zinthu ziŵiri zotsutsana. Wina akhale khasu, wina cholembera. Wina dzinja, wina chilimwe. Wina ngolo, wina njinga. Anyozane mmene angathere, pakuti chipongwe chikugwera khasu ndi ngolo, mwana ali chiimire.

Pa tsiku la mpikisano, woweruza asangotchula wopambana nkukhala pansi. Auze mbali yogonja mfundo imene inasiyidwa yosayankhidwa, aitchule m'mawu omwe inanenedwera. Kuti athe kutero ayenera kukhala atailemba, ndiye kuti iyenso amamvetsera. Njira yake njapafupi. Pepala ligaŵidwe ndi mzere pakati, mbali iyi kumanzere, mbali iyo kumanja. Mfundo iliyonse ikanenedwa ilembedwe m'mawu atatu kapena anayi, ndipo ikayankhidwa pajambulidwe kamuvi kochokera pa yankho kukalasa mfundoyo. Pamapeto mfundo zosalasidwa zimaoneka zokha. Pepala limenelo alisiye patebulo, kuti mphunzitsi wa kalasi yogonja, amene mosakayika adzabwera kudzafunsa, aliŵerenge yekha.